Dokotala wa Mtima wa M'kompyuta

Kuntchito amangomuti mayi wa masamu, koma kwa bambo ake ndi Adokotala. Udokotalawo ndi wa maphunziro chabe, jakisoni sanabayepo ngakhale nkhuku. Mu mnofu wa mtima muli timaselo tomwe timapatsirana magetsi kuti mtima ugunde, ndipo ntchito ya mayiyu ndi kulemba magetsiwo m'masamu n'kuwaika m'kompyuta. Pagalasi pamatuluka mzere wokwera ndi kutsika. Akasintha nambala imodzi mzerewo umasokonekera, akaibweza umakhazikika. Mtima wotere ndi wosavuta kusunga, ukaima amangoudzutsa ndi batani.

Bambo ake, telala wopuma, zonsezi analibe nazo nthawi. Aliyense wofika pakhomo, ngakhale wongofunsa njira, ankamuuza kuti mwana wawo ndi dokotala wa mtima. Iye ankangomwetulira. Bodza lokoma chonchi, ndani angathamangire kulikonza?

Loweruka lina anawapeza atakhala pafupi ndi makina awo osokera, dzanja lili pachifuwa.

"Ukumadumphadumpha, mwanawe, ngati makina akamalumpha ulusi," anatero. "Kuchipatala akuti ndipitenso Lachiwiri. Koma anthu ake kuchuluka! Tangondiona ndiwe."

Anawagwira pamkono. Kugundako anakumva ndithu, koma tanthauzo lake sanalidziwe. M'kompyuta mwake kugunda kosokera kumadzikonza kokha nthawi zambiri, ndiye anayankha za m'kompyutazo.

"Zimachitika izi, ababa. Si zoopsa ayi."

Mawu oti "komabe mupite" anali kale pamlomo. Koma nkhope ya bambo ake inawala, nayenso ulemuwo unamukomera, ndipo mawu aja anawameza.

Lachiwiri bambowo sanapite. Patadutsa milungu ingapo anagwa pakhonde, aneba n'kuthamangira nawo kuchipatala.

Iye atafika anawapeza pabedi, timawaya tili pachifuwa, mzere wa mtima wawo ukuyenda pagalasi. Umenewo anauwerenga bwinobwino. Anadziwa kuti wawafikitsa pamenepa ndi iye.

Dokotala wa m'chipindamo sanabise mawu. "Agogo, mtimawu wawonongeka kwambiri. Mukanabwera tsiku lija tikanaugwira msanga. Chinakuletsani n'chiyani?"

Mwana wawoyo anatsegula pakamwa kuti aulule. Bambo ake anamufinya chala mofooka, maso ali kwa dokotalayo.

"Ndinaiwala, adokotala," anatero. "Ukalamba uwu. Ingokalipirani ine."