Bondo Lamanzere ndi Chitumbuka Changa

Ntchito ya ulangizi wa zaulimi, m'zaka zimene ndinali ku Lupembe, inali ya miyendo iwiri ndi njinga. Boma linandichotsa kwathu ku Dedza n'kukanditaya kumeneko ndili mnyamata, ndipo ndinakhalitsa mpaka kukwatira komweko n'kubereka ana awiri. M'mawa uliwonse ndinkapalasa kupita m'minda ya thonje kukakangana ndi alimi za kupopera mankhwala. Ndikuti kukangana chifukwa ine ndine wa mtima wapachala, ndipo anthu akumeneko sagonja msanga. Mlangizi wopanda njinga kunalibe. Amene miyendo yamukana ankangomupumitsa ntchito, azipita kwawo.

Bondo lamanzere ndinaliphwanya chifukwa cha mwana wa ng'ombe. Ndikutsetsereka kulowera kumtsinje wouma, iye anatulukira m'tchire, ine n'kugwira mabuleki onse awiri, n'kukagwa ndi bondo pamwala. Linapola, koma linapola mwachinyengo. Ndikamapalasa linkalira ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, madzulo n'kutupa. Zitunda zimene kale ndinkakwera ndikuimba mluzu ndinayamba kuzikwera chokankha njinga, ndikutukwana chapansipansi.

Kuchipatala cha pa Boma kunkabwera dokotala wa mafupa mwa apo ndi apo, kuchokera ku Blantyre. Anandijambula bondo, n'kupindapinda mwendo wanga ngati akugula mbuzi. Kenako anati kafupa kaja kamakhala pamwamba pa bondo ngati chivundikiro kanasweka n'kugwirana molakwika, ndiye kakudya mnzake mkatimo. Mankhwala ake ndi opaleshoni: kukachotsa, ku Blantyre.

“Nanga njinga ndidzakweranso?” ndinafunsa.

“Ambiri amakwera, ena sakwera,” anatero. “Zimadalira ntchafu yanu. Muyambiretu kuilimbitsa. Muzimanga kathumba ka mchenga pakakolo, muzikweza mwendo mutauwongola. Mukakana opaleshoni, bondoli lizinka liipiraipira. Mukaganize, ndikadzabweranso mudzandiuze.”

Ambiri amakwera, ena sakwera! Abale inu, yankho lanji limenelo kwa munthu amene ana ake amadyera njinga? Ndinatuluka ndili wokwiya, koma kunena zoona unali mantha.

Mkazi wanga ndinamuuza tsiku lomwelo, m'Chichewa, monga tinkayankhulirana masiku onse. Iye ndi Mtumbuka wa ku Lupembe komweko, koma Chichewa amachidziwa kuposa ine ndikapsa mtima. Anamvetsera, n'kunena kuti, “Mukauze adada. Nkhani ya mpeni munthu sapita nayo yekha.”

Apongozi anga aamunawo anali munthu wa ng'ombe, wamtali, wonyoza moseka. Chichewa ankachimva koma ankachiyankhula ngati akulipira msonkho. Zaka zimenezo Chitumbuka anali atachichotsa pa wailesi, ndipo ngakhale palibe ankadandaula mokweza, ine ndinkadziwa kuti akuluakulu zinkawapweteka. Nchifukwa chake pamaso pawo ndinkayesetsa kuyankhula chinenero chawo, ngakhale chinali chothyokathyoka. Ndinawapeza pakhola, ndinapereka moni, ndipo ndinayamba nkhani yanga monyadira, ndikufuna kunena kuti dokotala akuti andichotsa kafupa ka pabondo.

“Adada, dokotala wakuti wafumiskengeko nkhongono zane.”

Anasiya chingwe chimene ankapota. “Zose?” anafunsa, kutanthauza kuti zonse.

“Yayi, adada,” ndinatero ine. “Za kumazere pera.” Za kumanzere zokha.

Ndifotokoze tsoka langa. Kwathu munthu akachita mantha timati wawooka nkhongono, mawondo akulephera kumunyamula, ndiye ine zaka zonsezo ndinkayesa kuti Atumbuka bondo amalitcha nkhongono. Bondo kwa iwo ndi khongono. Nkhongono ndi mphamvu. Ndipo mwamuna wokwatira akauza apongozi ake, nkhope ili yachisoni, kuti achipatala akukamuchotsa mphamvu, mukudziwa nokha mphamvu imene mkuluyo angaganize. Ine sindinadziwe kanthu. Ndinaona kuti akuyang'ana pansi nthawi yaitali, ndipo mumtima ndinati, koma mkuluyu amandikonda.

Kuyambira mawa lake zinthu zinasintha pakhomo panga. Apongozi aakazi anayamba kutumiza chambiko, mkaka wowawasa uja, tsiku ndi tsiku. Kunabwera mazira, kunabwera nthochi zophika ndi nyama, kunabwera ndi mizu ina yowawa imene anati ndizitafuna. Alimi amene ankandiyankha mwano anayamba kuvomera chilichonse chimene ndanena. Wina anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, “Pepani alangizi, Chiuta ndiye mwini zonse.” Ndinamukalipira. Ndinati ndani wamwalira?

Koma chimene chinandisautsa ndi mkazi wanga. Anangoti zii. Ndikakhala pakhonde ndi kathumba kanga ka mchenga, ndikukweza mwendo thukuta lili kamukamu, iye ankandiyang'ana n'kulowa m'nyumba. Ndikamufunsa ankati palibe. Amayi ake anali atamuuza zimene ndinanena pakhola paja, ndipo iye anaganiza kuti ndinamunamiza dala za bondo chifukwa cha manyazi, choonadi n'kukauza bambo ake. Ine ndinkamasulira kukhala chete kwakeko mwa njira yanga: waona kale kuti ndidzabwerako wolumala, wopanda ntchito, ndipo akuganiza zobwerera kwa makolo ake ndi ana. Kumpoto ana ndi a bambo, inde, koma bambo wake uti, mlendo wa ku Dedza woyendera ndodo?

Ndinasiya kathumba kaja. Ndinaganiza zokauza dokotala kuti ayi, ndizipalasa choncho mpaka bondo lidzakane lokha.

Lamulungu lina masana, titangobwera kutchalitchi, apongozi aamuna anafika atavala jekete. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, n'kuitana mwana wawo kuti akhale pamphasa azimasulira. Anati nkhani ya lero sakufuna kuti mawu ndi amodzi omwe atayike panjira. Anayamba kuyankhula pang'onopang'ono, mkazi wanga akubweza m'Chichewa, maso ali pansi.

“Adada akuti agona nayo nkhani yanu. Akuti matenda sasankha munthu. Akuti pitani kuchipatala, moyo ndiwo waukulu.” Anapitiriza kumasulira. “Akuti mukabwerako, mulimonse mmene mudzakhalire, mwana wawo sadzamutenga. Ng'ombe zimene munapereka sadzabweza, chifukwa ukwati sunathe. Akuti ana awiri amene Mulungu anakupatsani ndi okwana. Ndipo akuti aliyense wokusekani m'mudzi muno adzakhala waseka iwowo.”

Apa misozi inali mbwembwembwe. Kenako anawonjezera zake, zimene bambo ake sananene. “Inenso sindipita kulikonse, abambo. Koma bwanji munandibisira? Ine ndine mwana?”

“Ndakubisira chiyani?” ndinafunsa. “Ndipo za ana awiri zikubwera bwanji pa nkhani ya bondo?”

“Bondo lake liti? Adada munawauza zina.”

“Ndinawauza za nkhongono! Iyi!” Ndinamenya bondo langa ndi dzanja, mwaukali, mpaka ndinadzipweteka.

Mkazi wanga anayang'ana bondolo, anandiyang'ana ine, kukamwa kuli yasa. “Mwe!” anakuwa. “Khongono! Adada, wakunena khongono!”

Apongozi nawonso anayang'ana bondolo. Kenako phewa linayamba kugwedezeka, n'kuphulika chikhakhali chimene chinathamangitsa nkhuku pabwalo. Ankati akapuma, n'kunena kuti “za kumazere pera,” n'kuyambiranso. Mkazi wanga anagwa chammbali pamphasa, kulira ndi kuseka pamodzi. Atandifotokozera bwinobwino, manyazi anandigwira moti ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinakumbukira mizu yowawa ija, ndi mlimi wondipepesa uja. Mudzi wonse! Ndinafuna kupsa mtima koma ndinasowa womupsera.

Kuseka kutatha, apongozi anapukuta maso ndi mkono wa jekete n'kundifunsa, m'Chichewa chawo cholemera chija, kuti, “Nanga ngati ndi bondo chabe, nkhope yakugwerani chifukwa chiyani masiku onsewa?”

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Mwina munthu akakusekerani chinthu chachikulu chotere, chotsala chobisa palibe. Ndinawauza zonse: kuti dokotala sanalonjeze, kuti ndikalephera njinga ntchito yatha, kuti kwathu ku Dedza munda ndi wa alongo anga, kuti ndikuopa kukhala katundu pakhomo pa eni.

“Mawu ndanena aja sindinanenere chiwalo chimodzi,” anatero. “Ndinati mulimonse. Njinga ikakana, ngolo yanga ilipo, ng'ombe zokoka zilipo. Woyendetsa ngolo amangokhala pansi n'kumakalipa. Kukalipa ndiye mumatha kale.”

Ndakhala ndikuthokoza anthu ambiri pa moyo wanga, ena mwaulemu chabe. Koma mkulu ameneyu ndimamuthokoza mpaka lero ndi mtima wonse. Anakhulupirira za ine chinthu chimene amuna ambiri akanachotsera mwana wawo pakhomo, ndipo anavala jekete kudzandiuza kuti ndine wawo.

Madzulo omwewo ndinamanganso kathumba pakakolo. Mkazi wanga ankawonjezera mchenga sabata iliyonse osandiuza, ndikadandaula n'kumati ndi ulesi. Njinga ndinaitsuka, ndinathira mafuta tcheni, n'kuipachika kudenga kuti matayala asaphwe ndi kukhala. Dokotala atabweranso ndinamuuza kuti ndavomera. Tsiku lonyamuka ndinaona kaye kuti khadi la chipani lili m'thumba, pakuti popanda ilo ngakhale wodwala sankakwera basi mwamtendere, ndipo ndinapita ku Blantyre.

Za opaleshoni ndilibe zambiri zonena, ndinali m'tulo. Ndinabwerako ndi chikhakha ndi ndodo ziwiri, mwendo utaonda ngati wa mwana. Kuupinda koyamba ndinalira, sindibisa. Miyezi inapita ndikulimbana nawo, kuntchito akundidikira monyinyirika.

Tsiku loyesa njinga ndinasankha msewu wa kuseri kwa khola la apongozi, kuti anthu asandione ndikagwa. Ndinakhala pachishalo, koma ndinalephera kunyamula phazi pansi. Apongozi, amene moyo wawo wonse sanakwerepo njinga, anabwera n'kugwira chishalo kumbuyo ndi manja awiri, monga timachitira ndi ana.

“Tiyeni,” anatero.

Ndinapalasa. Bondo linakwera, linapindika, linawawa, linatsika. Linakweranso. Ndinkamva mapazi awo akuthamanga pambuyo panga ndi kupuma kwawo kwa munthu wokalamba, ndipo maso anga anali pa mchenga wa kutsogolo.

“Musasiye, adada!” ndinakuwa. “Musasiye!”

Yankho linachokera kutali, kukhola kuja, mawu a munthu wopuma movutika.

“Naleka kale!”