Telala Wosoka Choimirira

Tsiku limene buluku la a Chigamba linang'ambika pachipata cha m'malire, anthu sanaseke msanga. Anayamba ayang'ana kaye matayala a malole, kuganiza kuti kwaphulika limodzi. Bambowo anali atachedwa, ndiye m'malo modikira kuti msilikali akweze chitsulo chotchinga msewu, anangoti awerame, adutse kunsi ngati mwana wa sukulu. Pwee! Msoko wakumbuyo unamasuka kuchokera palamba mpaka komwe sitingatchule pano. Telala wathunthu, wovalitsa anthu a mayiko awiri, analowa m'dziko la eni ake atatseka kumbuyo ndi chipewa. Amene analipo akuti msilikali wa tsidya linalo anafunsa mwaulemu ndithu: "Bambo, pali katundu wina woti muonetse?"

Zimenezo anapulumuka. Anakabisala kuseri kwa chitseko atadzikulunga nsalu ya kasitomala, n'kusoka buluku lawo. Chimene sanapulumuke ndi funso lina laling'ono.

A Chigamba amagona tsidya lino, m'nyumba ya lendi kuseri kwa chigayo, ndi mayi akunyumba ndi ana aakazi. Koma makina awo osokera, akuda aja opalasa ndi phazi, ali tsidya linalo, pakhonde la sitolo ya nsapato, chifukwa msika ndi masukulu zili kumeneko. Makinawo anawasiyira ndi malemu amalume awo, ndipo a Chigamba anawawolotsa panjinga kalekale, chipata chikadali chingwe. Kuyambira pamenepo m'mawa amawoloka, madzulo amabwerera, thumba la zigamba kukhwapa, tepi m'khosi ngati tayi.

Chaka chatha a zamsonkho a tsidya linalo anayamba kuyenda khonde ndi khonde kulemba amalonda. Anafika mayi wina waulemu wake, wamagalasi, n'kuwapeza a Chigamba ali pampando, mapini kukamwa.

"Bambo, mumakhala kuti?"

A Chigamba anamenya mpandowo ndi dzanja, monyadira. "Pompano, mayi. Mvula, dzuwa, ine pompano. Funsani aliyense."

Iwo ankanena za kukhala kwa pampando. Mayiyo analemba kukhala kwa dziko.

Sipanapite nthawi, a zamsonkho a tsidya lino nawo anagogoda kunyumba, n'kupeza mayi akunyumba akuchapa. Funso lomwelo: kodi bambo amakhala kuti?

"Amakhala muno! Akakhalenso kuti? Kapena mwamva kuti ali ndi mkazi wina uko? Nenani, ndimve."

Palibe ananama. Koma kuchokera tsiku limenelo mayiko onse awiri akuti a Chigamba ndi awo, ndipo lililonse likufuna msonkho wake pa msoko womwewo. A tsidya linalo anafika pomata kapepala kofiira pamakina, kuti asasunthe pakhondepo mpaka nkhani itatha.

Musaganize kuti bambowa ndi wozemba. "Msonkho sindikana ine," amatero kwa aliyense wobwera ndi zipi yoduka. "Koma nkhuku imodzi sazinga kawiri. Wina angondiuza zoona zake, ndilipire kuti, ndigone tulo."

Munthu woti awauze zoona ndiye anasowa. Ku ofesi ya tsidya lino, atakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, kalaliki anati, "Za uko sitiyankha ife, kafunseni konko." Atawoloka, wa uko anati, "Kafunseni kwanu."

"Kwathu kuti, achimwene? Si mwalemba nokha kuti kwathu n'kuno?"

"Ndiye mukufunsiranji?"

Anapita kwa ajenti wina wothandiza anthu pachipata, amene ofesi yake ndi kontena yokhala ndi mpando umodzi. Mkuluyo analankhula Chingerezi chambiri, n'kusoketsa suti yaulere, ya mabatani agolide. Suti itatha m'pamene zinadziwika kuti iye amadziwa za malole a simenti basi. Za munthu wogona kwina n'kusokera kwina anati, "Imeneyo ndi nkhani yapadera, bwana."

Mwana wawo wamkulu, wa sekondale, anati asiye kuvutika, zonse zili pafoni. Anawawerengera nkhani yaitali ya anthu ogwira ntchito m'dziko loyandikana nalo, akumasulira ndime ndi ndime, bambo akugwedeza mutu, mayi ataleka kusesa. Zonse zinkamveka ngati akunena a Chigamba. Chakumapeto kwenikweni m'pamene mwanayo anatsitsa mawu. "Adadi, zikuoneka ngati akunena mayiko ena, a kutali, kogwa chipale chofewa." Bandulo ya intaneti n'kuthera pomwepo.

Kamodzi kokha anakumana ndi munthu amene ankaoneka kuti akudziwa: mkulu wina waimvi, ku ofesi ya tsidya lino, amene anawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Iye anati mayiko oyandikana nthawi zambiri amagwirizana kuti munthu asadulidwe kawiri, ndipo chimene amayang'ana ndi komwe munthuyo amakhala kwenikweni. A Chigamba anatsala pang'ono kumupsompsona dzanja. Koma kuti a uko afufute zimene analemba, akufuna umboni wochokera kuno. A kuno sapereka umboni kwa munthu amene dziko lina likumutcha wake, pokhapokha a uko ayambe afufuta. Wodziwa kumasula mfundo imeneyi akuti ali kulikulu. Atabwereranso sabata inayo kuti afunsitse njira ya kulikuluko, anapeza mkulu waimvi uja atapuma pantchito, pampando pake pali fayilo ndi kapu.

Apa m'pamene analowerera alamu awo, dalaivala wa minibasi, munthu amene sanasowepo yankho chibadwire.

"Alamu, inu mukuzungulira kutali. Anakugwirani ndi mawu, muwagwirenso ndi mawu. Analemba kuti mumakhala pamenepo, eti? Chotsanipo mpando. Munthu woimirira sakhala."

Mwina mukuseka, koma munthu akatopa ndi mabenchi, nzeru iliyonse imaoneka ya mtengo wapatali. M'mawa mwake a Chigamba anapereka mpando kwa mwini sitolo ya nsapato, n'kuyamba kusoka choimirira: phazi limodzi likupalasa, linalo likunjenjemera, msana utapindika ngati chikwakwa. Misoko inayamba kuyenda njira zake. Mphunzitsi wina analandira malaya a thumba lopendekeka, loti cholembera chimagwa chokha. Mayi wina wa kwaya anabweza diresi, akuti mkono umodzi ukuimba nyimbo ina. Makasitomala akale ayamba kupita kwa telala wa pakona, amene sadziwa n'komwe kudula kolala koma amakhala pansi.

Mayi wamagalasi uja atadutsanso pakhondepo, anawamvera chisoni.

"Bambo, takhalani pansi tikambirane."

"Ayi mayi, zikomo. Ndaima bwinobwino."

"Khalani, miyendo yatupatu iyo."

"Mwandikola kamodzi, mayi. Kawiri ayi."

Mayiyo anafotokoza mofatsa kuti mpando sukukhudzana ndi nkhaniyi, koma a Chigamba anangoyang'ana kudenga. Wawauza zoona ndani mpaka pano? Kapepala kofiira kakadali pomwepo.

Mayi akunyumba anena kangapo kuti makinawo angobwera kuno, asokere pakhomo. Koma kapepala sikalola, ndipo ngakhale katalola, a pachipata cha kuno anena kale kuti amenewo adzalowa ngati katundu wochokera kunja. Makina a amalume, amene anachoka mumsewu womwe uno panjinga, lero ndi mlendo. Kuwasiya sangawasiye, pakuti ndiwo amalipira lendi ndi sukulu. Ndiye m'mawa uliwonse bambo amaima pamzere wa pachipata, masana pamakina, ndipo tsiku lopanda makasitomala amakaima pamzere wa ku ofesi, uku kapena uko.

Dzulo madzulo anali pakhonde lakwawo, mapazi m'beseni la madzi ofunda, mayi akunyumba akuwathira mchere. Anapumira m'mwamba n'kufunsa, osafunsa munthu: "Koma abale, ine ndimakhala kuti?"

Aneba awo, mayi wogulitsa makala, anali akuanula zovala kuseri kwa mpanda. Sanatembenuke n'komwe.

"Inu aneba, musativutitse. Kuno mumangogona, uko mumangoima. Kwanu ndi pamzere."