Mazira a m'beseni la azakhali

Azakhali anga akhala akukumba mchenga kumtsinje kuyambira ndisanabadwe. Amaunjika milu m'mbali mwa msewu, omanga nyumba n'kumadzatenga. Msana wawo unapindika ndi fosholo, koma maso adakali akuthwa. Akaona timizere ta zikhadabo pamchenga ndi kamalo kosalazidwa bwino, amadziwa kuti nkhasi, kamba wa m'madzi uja, yaikira pamenepo. Amazika timitengo mozungulira, ndipo wokumba mnzawo akangoyandikira ndi fosholo amamva mawu oti sangakawabwereze kwa ana ake. Anthu amawaseka kuti ndi azamba a nkhasi. Iwo alibe nazo ntchito.

Chaka chatha kunabwera chimakina cha omanga mlatho n'kuyamba kumeza gombe lonse. Chisa chinatsala chimodzi chokha. Azakhali anachifukula ndi manja, dzira lililonse n'kulilemba kadontho ka khala pamwamba, n'kulikhazika m'beseni la mchenga monga momwe analipezera. Dzira la nkhasi satembenuza. Kamwana kake kamamatirira m'kati chakumwamba, ndiye ukalitembenuza kamafa. Beseni analiika pakhonde pomwe dzuwa la m'mawa limafika, n'kumawazamo timadzi.

Patapita milungu, mwana wawo wamkazi anachira mwa opaleshoni, azakhali n'kupita kukamudikirira kuchipatala. Beseni anasiyira amuna awo.

Apa ndiye pamandiwawa mpaka lero. Bambo amenewa amaweta nkhuku, ndipo amadziona ngati palibe dzira padziko pano lomwe salidziwa. Anauzidwa zinthu ziwiri zokha: muziwaza madzi, musakhudze. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Iwo anangogwedeza mutu, maso ali kukhola.

Azakhali atabwerako, asanatule n'chikwama chomwe, anagwada pa beseni n'kupalasa mchenga ndi chala. Madontho aja ena anali pansi, ena m'mbali.

"Bambo, mazirawa wawagwira ndani?"

"Ndine, mayi, ndipo mundithokoze," anatero amuna awo akupukuta m'manja. "M'mawa ndi madzulo ndimawatembenuza, osaphonya. Thadzi limatero. Mmene munawasiyira muja akanasukusa onse."

"Kodi sindinati musakhudze?"

"Aaa, inunso! Dzira ndi dzira. Anapiye angati aswa m'manja mwangamu?"

Azakhali, omwe amatha kulalatira dalaivala wa lole mpaka iye kuzimitsa injini, anangokwiriranso mazirawo ndi mchenga. Ine ndinapsa mtima m'malo mwawo. Akanakhala kuti anaiwala kuwaza madzi ndikanawamvetsa. Koma munthu kudzuka m'mamawa tsiku ndi tsiku, mwakhama, kukachita chinthu chokhacho chomwe anamuletsa, kenako n'kumadikira kuti amuombere m'manja!

Anadikirabe azakhali, akuwaza madzi ngati kale. Nthawi yoswa inakwana n'kudutsa. Pakhonde panayamba kununkha, ntchentche zili ng'waa, amuna awo n'kumauza aliyense wodutsa kuti mazirawo anali opanda kanthu kuchokera kumtsinje komweko.

Tsiku lina akunena zomwezo kwa mnzawo wogula nkhuku, azakhali anatenga dzira limodzi n'kuliswa pamaso pawo. M'katimo munali kankhasi kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, timiyendo tonse tilipo, kachigoba katayamba kale kuoneka mizere.

Anagwira dzanja la amuna awo, n'kulitambasula, n'kukaika pachikhatho.

"Katembenuzeni, bambo," anatero. "Mwina kadzuka."