Mayi Khue ndi lilime lokana kutuluka

Mayi Khue aphunzitsa katchulidwe ka Chingerezi zaka makumi awiri ndi zisanu, m'kachipinda ka pamwamba pa lesitilanti ya mng'ono wawo mumzinda wa Hue. Ku Mangalande sanapondeko. Zida zawo ndi kalilole, kapepala kopyapyala ndi chala. Kapepalako amakaika patsogolo pa milomo ya wophunzira: akatchula p kamauluka, akatchula b kamangokhala. Chala amachigunditsa pakholingo, pamene pamanjenjemera munthu akatchula z koma pali zii akatchula s. Kwa iwo liwu lililonse ndi nkhani ya malo: pamene lilime lagunda ndi pamene mpweya wadzera.

Chaka chatha kudabwera Nhan, namwino wa zaka makumi anayi, amene adalephera kawiri mayeso oyankhula a ntchito ya ku Singapore. Mwayi womaliza unali Lachisanu. Chimene chinkamukanika ndi th wa Chingerezi, uja wofuna kuti nsonga ya lilime isuzumire pakati pa mano, mpweya nkumadutsa. Nhan adaleredwa m'nyumba imene kuonetsa lilime kwa wamkulu ndi mwano. Liwulo likamayandikira, dzanja linkathamangira kukamwa, ndipo chiganizo chonse chinkafera m'chikhatho.

"Chotsa dzanjalo, iwe. Lilimelo unachita kubwereka?"

"Pepani aphunzitsi, pamaso panu sindingathe."

"Odwala umawauza kuti atulutse lawo tsiku lililonse!"

"Ajatu amakhala akudwala, aphunzitsi."

Mayi Khue adaona kuti m'kamwamo mulibe vuto. Cholepheretsa chinali nkhope yawo. Adatembenuzira mpando wawo kukhoma, namupatsa Nhan kalilole. Masiku atatu adaphunzitsa ndi makutu okha, atamufulatira. Tsiku lachitatu th adamveka, wowonda koma woyera.

"Nanga pamayeso mpando adzautembenuza ndani?" adafunsa Nhan.

"Woyesayo ndi wamkulu bwanji?"

"Ndi kamtsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba."

"Basitu! Wamkulu ndiwe. Ukakatulutsire lonse, mpaka kachite manyazi ndi iko."

Lachisanulo Nhan adakhalira manja ake onse awiri pampando, nayankha mafunso mpaka kumapeto. Adakhoza, ngakhale sadapose malire kwenikweni, ndipo mwezi wotsatira adanyamuka ulendo wa ku Singapore.