Dzanja Lobwereka pa Tsiku la Voti

M'chaka cha 1992 ndinali nditangotha chaka chimodzi ku Amereka, ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Bethesda. Ndinkakhala ku Silver Spring ndi mayi anga aang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera basi kukasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza anthu amene ana awo anali kutali. M'chipinda china cha pansi munkagona amayi awiri achizungu, onse opitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Antchitofe tinkangowatchula kuti mayi a pawindo ndi mayi a pakhomo, potengera pamene panali bedi la aliyense.

Mayi a pawindo anagwira unesi moyo wawo wonse. Miyendo inali itawakana, koma maso ndi pakamwa zinali zakuthwabe. Mayi a pakhomo anali Mkatolika wobereka ana asanu ndi awiri, ndipo matenda a shuga anali atawalanda maso. Kolona sinkachoka m'manja mwawo. Awiriwa anali atagona chipinda chimodzi zaka zinayi.

Chaka chimenecho, kuwonjezera pa kusankha pulezidenti, anthu a ku Maryland, dera limene ndinkakhalalo, ankafunsidwanso funso lina: avomereze kapena akane lamulo loteteza ufulu wa mzimayi wochotsa mimba. Zikwangwani zinali paliponse, pa kapinga wa nyumba za anthu, kumbuyo kwa magalimoto, ngakhale pa majekete a okwera basi. Ine ndinkangoyang'ana kukamwa kuli yasa. Kwathu nthawi imeneyo kunali chipani chimodzi, ndipo mawu a ndale unkayamba wacheuka usanawatulutse. Nanga nkhani ya mimba? Imeneyo inali yonong'onezana akazi okhaokha kuseri kwa nyumba. Kuno ankaikamba pa wailesi yakanema dzuwa likuswa mtengo, kenako n'kufunsa aliyense maganizo ake.

M'chipinda cha amayi aja nkhaniyi inkabuka pafupifupi tsiku lililonse. Tsiku lina ndikupesa tsitsi la mayi a pakhomo, mayi a pawindo anazimitsa kanema n'kutembenukira kwa ine.

"Mwanawe, ukudziwa kumene ndinayambira ntchito? Mu wodi ya azimayi, kale lamulo lisanalole kuchotsa mimba. Tinali ndi mabedi a kumapeto amene sankakhala opanda munthu. Atsikana ankabwera atadzibaya ndi zimene apeza, thupi likutentha ngati moto. Ena ndinawatseka maso ndi manja angawa. Sindifuna mabedi amenewo abwerenso."

"Nanga ana aja?" anafunsa mayi a pakhomo, nkhope italoza kudenga monga achitira osaona. "Iwowo anawatseka maso ndani? Ine wachisanu wanga adokotala anati sakhala moyo. Lero ndi amene amandibweretsera maluwa Lamlungu."

"Munasankha nokha, mnzanga. Ndi zomwezo ndikunena."

"Sindinasankhe ayi. Ndinalandira."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Ndinaganiza kuti tsiku limenelo salankhulananso. Koma nditabwerera kudzatenga makapu, ndinapeza mayi a pawindo akuwawerengera anzawo kalata yochokera kwa mdzukulu, akubwereza pamene sanamve bwino.

Ine sankandisiya. Aliyense ankafuna kudziwa mbali yanga. Ndinkayankha kuti ndine mlendo, sindivota. Zoona zake n'zakuti kutchalitchi kwathu abusa ankalalikira zofanana ndi za mayi a pakhomo, ndipo ndinkavomera ndi mtima wonse. Koma za mabedi a kumapeto zija zinkandilowanso mpaka m'mafupa.

Tsiku la voti linali Lachiwiri, kumayambiriro kwa Novembala, masamba atathothoka m'mitengo. Okalamba ambiri anali atavota kale kudzera pa positi, koma awiriwa anakana. Ankafuna kukafika okha. Ndinawaveka makhoti ndi zipewa zaubweya. Mayi a pawindo anapempha kuti ndiwapake milomo. Tinakwera galimoto ya pantchito yokhala ndi chokwezera njinga za olumala, n'kupita kusukulu ina ya pulaimale kumene kunali malo ovotera.

Panja pa sukulupo panali magulu awiri, ena mbali iyi ya njira, ena mbali inayo, aliyense ndi chikwangwani chake. Ndinayang'ana uku ndi uku kufunafuna apolisi ndi zibonga, koma sindinaone ndi mmodzi yemwe. Bambo wina wa gulu lokana lamulolo anathamanga kudzatitsegulira chitseko, ndipo mayi wina wa gulu lovomereza anandithandiza kukweza njinga pa kachitunda ka pakhomo.

M'katimo, mayi wogwira ntchito ya chisankho ataona kuti mayi a pakhomo saona, anawauza kuti ali ndi ufulu wosankha munthu wowathandiza kuvota. Anati akhoza kuthandizidwa ndi antchito a pamalopo, kapena wina aliyense amene amamukhulupirira. Ndinayamba kukonzeka, poganiza kuti atchula ine.

"Andithandize mnzangayu," anatero mayi a pakhomo, akupapasa mpaka anagwira chogwirira cha njinga.

Mayi a pawindo anadzidzimuka. "Ine? Mukudziwa bwino mmene ndikuvotera ine."

"Ndikudziwa. Inunso mukudziwa mmene ndikuvotera ine. Tiyeni, miyendo yanga yatopa."

Wogwira ntchito ya chisankho uja anawasainitsa pepala. Ndinakankha njinga mpaka pa kamalo kotchinga kovoterako, ndinaimika mayi a pakhomo pambali pake, kenako ndinabwerera m'mbuyo monga anandiuzira. Sindinkamva zonena zawo, ndinkangoona misana yawo. Mitu iwiri ya imvi inagundana. Wina ankawerenga, wina ankayankha. Pepala lovotera linali loboola ndi kachipangizo. Ndinaona phewa la mayi a pawindo likutsika ndi kukwera kangapo, mofulumira. Kenako linaima, ndipo ndinadziwa kuti afika pa funso la mimba lija. Dzanja lawo linakhala m'malere nthawi yaitali ndithu. Mayi a pakhomo sanawafulumize. Anangoika chikhatho chawo pa msana wa anzawo. Ndiyeno phewa lija linatsika.

Ndinaima pakati pa holo ya ana asukulu, pansi pa zithunzi zojambula ndi makrayoni, misozi ikutsika osadziwa kuti yayamba liti. Mayi amene anatseka maso a atsikana aja anali atangoboola voti yotsutsa chimene anachikhulupirira zaka makumi asanu. Palibe akanadziwa akanaboola pena. Atatha anapita kukavota yawo, ndipo sanachedwe.

Tili m'galimoto pobwerera, ndinalephera kudzigwira.

"Mayi, sizinakuyeseni?"

"Zinandiyesa kwambiri," anayankha mayi a pawindo akuyang'ana panja. "Dzanja linachita kulemera. Koma voti inali yawo. Ine ndinangobwereketsa maso."

"Akanandinamiza ndikanadziwa," anatero mayi a pakhomo. "Zaka zinayi ndikumva mmene amapumira. Akamanama amapuma ndi pakamwa."

Anaseka onse awiri, mpaka dalaivala anasekanso. Ine kuseka kunandikanika. M'malo mwake ndinayamba kulankhula zimene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense. Ndinawauza za msuweni wanga amene tinakulira limodzi ku Zomba. Anali mu fomu 3 pamene anatenga mimba, ndipo ankadziwa kuti akadziwika amuchotsa sukulu. Anapita kwa mayi wina wodziwa zitsamba. Anadwala masiku anayi akubisa, ndipo pofika kuchipatala kunali kutachedwa. Pa maliro anthu analengeza kuti ndi malungo. Ine ndi amene ndinachapa nsalu zake, ndipo ndinkadziwa kuti sanali malungo.

Mayi a pawindo anandifunsa mafunso a nesi: ankatentha thupi kuyambira liti, ankanjenjemera kodi, ankandizindikira mpaka liti. Nditayankha, anati: "Usadziimbe mlandu. Unali mwana nawenso." Mayi a pakhomo anafunsa dzina lake. Nditalitchula, analibwereza katatu mpaka analitchula bwino, n'kunena kuti azimupempherera, iye pamodzi ndi mwana wake. Palibe mwa awiriwo amene anagwiritsa ntchito nkhani yangayo pofuna kugonjetsa mnzake. Ndinadikira kuti wina anene kuti mwaonatu, koma mawu amenewo sanatuluke.

Kutacha ndinafika kuntchito nditamva kale pa wailesi kuti lamulo lija lavomerezedwa. Ndinalowa m'chipindamo mwakachetechete. Kanema anali wozimitsa, ndipo ndinamva kwa nesi wina kuti mayi a pawindo ndi amene anapempha kuti asayatsidwe tsiku lonse. Mayi a pakhomo anali atatembenukira kukhoma. Anakana chakudya cham'mawa, anakananso kusamba. Ndinawasiya.

Cha m'ma leveni anandiitana. Maso awo anali otupa.

"Mwanawe, ndikhazike tsonga. Unditengerenso madzi ofunda."

Ndikuwapukuta kumaso, analankhula mokweza kuti a pawindo amve. "Mwapambana lero. Koma zisankho sizinathe. Ndidzavotanso."

"Ndikudziwa," anayankha anzawo. "Mudzandiuze tsiku, ndidzapukute magalasi."

Mayi a pakhomo anadya phala lawo lonse, napempha kuti ndiwatsegulireko windo pang'ono kuti amve ngati kunja kwayamba kuzizira.