Phunziro la Nyimbo Panjira ya ku Mjigo

Ndinafika ku Nkaya ndili mtsikana wongotuluka kumene ku koleji ya uphunzitsi, nditanyamula sutikesi yamalata ndi chipepala chachikulu cholembedwa do, re, mi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Chipepalacho ndinachikhoma pakhoma la kalasi monyadira. Pobwera kutchuthi choyamba ndinapeza chiswe chitadya kuyambira pa fa kupita kumwamba konse. Ndinangoti basi, tiziyimba ndi makutu.

Ahedi anandipatsa ana a makalasi awiri oyamba pa phunziro la nyimbo, chifukwa mphunzitsi mnzanga akati ayimbe ngakhale agalu ankanyamuka. Tinkakhala panja, pansi pa mtengo wa bwemba. Nyimbo zotamanda boma tinkayimba m'mawa pokweza mbendera, ndipo zimenezo munthu sunkafunsa, unkangotsegula pakamwa. Koma za pansi pa bwemba zinali zanga. Ndinkazipeka pakhonde ndikusenda chinangwa, sitima ya katundu ikudutsa pang'onopang'ono, phazi langa likutsatira kugunda kwa mawilo. Loweruka ndinkatola zitsekerero za mabotolo kuseri kwa golosale, kuziphwanya ndi mwala, kuziboola ndi msomali, n'kuzitunga pa waya kuti akhale maseche. Manja ankanunkha dzimbiri mpaka Lamulungu kutchalitchi.

Mwana wamng'ono sungamusenzetse nyimbo yaitali. Umamupatsa mawu ake ochepa, adikire nthawi yake n'kulowa, ngati podumpha chingwe. Choncho nyimbo zanga zonse zinali za mbali ziwiri, wina kuyambitsa, enawo kuvomera.

Woyambitsa wathu anali mtsikana wa m'mudzi wa kutsidya kwa njanji, wamkulu kuposa anzake onse chifukwa sukulu anayamba mochedwa. Chichewa chake chinkasakanikirana ndi Chiyao, ndipo kuwerenga anali asanakugwire n'komwe. Koma mawu! Abale inu, mawu. Ankayimba atatsinzina, mutu atapendeketsa pang'ono. Akangoti, "Sitima iwe, wanyamula chiyani?" ana amene ankatsinana ankaleka, onse n'kuvomera, "Mchere, mchere, wa kunyanja yaikulu!" Panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine, amene anaiona nyanja yamchereyo. Koma timasamba ta bwemba tinkagwera m'mitu mwathu, njanji patali zikunyezimira ndi dzuwa, ndipo kwa kanthawi tonse tinkakhala ngati tafikako. Nthawi zina belu linkalira ine osalimva.

Patchuthi chachikulu mtsikanayo analowa nsondo, chinamwali cha atsikana kwa anzathu a Chiyao. Ine kwathu ndi ku Utale, banja la Chikatolika, ndipo ng'oma za nsondo ndinkangozimvera patali. Sukulu zitatsegulidwa mu Okutobala, malo ake pa muzu wa bwemba anali opanda munthu. Ndinayesa kuyambitsa ndekha, koma ana ankavomera ngati odwala malungo. Nditafunsa, kamtsikana kena kanati, "Aphunzitsi, amene aja avinidwa. Ndi anamwali tsopano, sabweranso."

Sabweranso bwanji, munthu asanadziwe ngakhale kuwerenga? Mtima unandipsa. Ndinavala chitenje, n'kuwoloka njanji kukaona amjomba ake, mlongo wa mayi ake, amene anali mwini mbumba. Anali telala, ndipo ndinawapeza pakhonde akupalasa makina, atavala kofiya yoyera. Anandilandira bwino ndithu, mphasa kundiyalira, thobwa kundipatsa. Mtsikanayo ndiye anabweretsa chikho. Anagwada chapatali, mikanda ili m'khosi, maso ali pansi, ndipo amjomba akewo anamuitana ndi dzina latsopano limene analandira kunsondo.

"Bambo, ndabwera kudzapempha mwanayu abwerere kusukulu," ndinatero.

"Mwana uti, aphunzitsi?" anafunsa akumwetulira. "Ameneyu ndi munthu wamkulu. Ife sukulu sitiikana iyayi. Koma munthu wovinidwa akakhale pafumbi ndi makanda amamina, n'kumawomba nawo m'manja? Anzake amuseka. Amene anamulangiza atiseka ife."

"Ndimupezera mpando, azikhala pambali panga."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Nkhani si mpando, mayi."

Mawu ndinali nawo ambiri, ena oti akanawotcha khonde lonselo. Koma mtsikana wosakwatiwa, mlendo, sakalipa pabwalo la eni ake. Ndinathokoza thobwa n'kubwerera, ndikukankha miyala yam'mbali mwa njanji ngati ndiyo yandilakwira.

Chaka chimenecho kunatentha koopsa. Zitsime za m'midzi zinauma, ndipo amayi a kutsidya anayamba kukatunga ku mjigo wa kufupi ndi siteshoni. Njira yake inkadutsa kumbuyo kwa bwemba wathu, kuseri kwa mpanda wa nkhadze. Tsiku lina mphunzitsi mnzanga anadwala, ine n'kutulutsa ana kukayimba m'mawa dzuwa lisanakwere. Nditati ndiyambitse, fumbi la choko linanditsamwa. Ndili mkati motsokomola, kuseri kwa nkhadze kunamveka, "Sitima iwe, wanyamula chiyani?"

Ana anavomera osaganiza n'komwe. Maseche analira okha. Ndinaona ndowa ikuyenda pamwamba pa mpanda, mwini wake osacheuka, osaima. Anayambitsa mpaka mawu anazimiririka cha kumudzi. Mawuwo anali a mtsikana wathu uja.

M'mawa mwake ndinali muofesi ya ahedi, kupempha kuti nyimbo zichoke kumapeto kwa tsiku zibwere nthawi imene amayi amadutsa.

"Nthawi za maphunziro ndi za boma, mayi, sasintha ngati chitenje," anatero ahedi.

Ndinawakakamira ngati nkhupakupa mpaka anatopa. "Chitani," anatero, "koma akabwera oyendera sukulu, ine sindikudziwani."

Ndinasunthira ana mbali ya mpanda, bolodi n'kulitsamiritsa pa mtengo moyang'ana kunjira, pamene nkhadze zinasiya mpata. Kenako ndinayamba kupeka nyimbo zamtundu wina. Mbali ya woyambitsa inali zilembo: a, e, i, o, u, kenako ba, be, bi, kumapita choncho, ana n'kumavomera ndi mayina a zinthu. Zilembo za tsikulo ndinkazilemba zikuluzikulu, zoti ngakhale wa pasitima aziwerenge. Popita ku mjigo ndowa imakhala yopanda kanthu ndipo khosi limatembenuka, ndiye mtsikanayo akamadutsa ndinkayimba ndekha mokweza, ndodo yanga ikuloza pa bolodi. Pobwerera ndowa yodzaza silola kucheuka, koma pakamwa pamakhala pomasuka. Ine ndinkakhala chete, iye n'kuyambitsa.

Amayi anzake anazindikira, ndikudziwa ndithu. Akafika pampatapo, nthawi zonse pankapezeka wina woti nkhata yamupweteka, onse n'kuima kuti aikonze. Mayi ake enieni ankayang'ana kumbali, ngati akuwerenga mabogi a sitima.

Masabata amenewo ndimawakumbuka ngati maloto a masana. Kutentha kunkavinitsa mpweya pamwamba pa njanji, nyenje zikulira m'mitengo, ana atakhala chete kudikira phokoso la ndowa. Kalasi yonse inkayimba ndi munthu amene sinkamuona bwinobwino. Tsiku lina ana atapita ndinazungulira mpanda, ndipo pamchenga wa m'njira ndinapeza chilembo cha d cholembedwa ndi chala cha kuphazi, mimba yake itayang'ana kolakwika. Ndinaima pamenepo ndikuseka ndekha ngati wamisala. Mumtima ndinali nditamaliza kale zonse: chaka chikamatha adzakhala akuwerenga, ndidzapitanso kwa amjomba ake, iye adzalemba dzina lake latsopano lija pamaso pawo, ndipo aone ngati adzasekenso.

Za mvula sindinaziganizire. Ine mwana wa mlimi, kuiwala mvula! Inagwa kumapeto kwa Novembala, yamphamvu, yosalekeza, ndipo aliyense anakondwa. Ana anabwera ndi ngumbi m'matumba. Zitsime za kutsidya zinadzaza mpaka kukamwa, ndipo panalibenso chifukwa choti munthu ayende mtunda wonsewo kukafuna madzi.

Ndinatulutsabe ana nthawi yomweyo, bolodi n'kuliyang'anitsa kunjira. Tinakhala pansi ponyowa, maseche ali m'manja.

"Aphunzitsi, tiyambe?" anafunsa mwana wina.

"Dikirani pang'ono," ndinatero.

Tinadikira mpaka belu linalira. Tinachita zimenezi kangapo, udzu ukumera m'njira muja, kufikira ahedi anandiitana n'kunena mofatsa kuti nyimbo zibwerere nthawi yake yakale. Sindinatsutse. Anthu atakolola, ndinamva kuti mtsikanayo wakwatiwa kutsidya kwa Shire, kupitirira Liwonde.

Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Mvula ija imagwa tili pa ma, me, mi. Dzina lakelo linkayamba ndi chilembo cha kutsogolo ndithu, ndipo sitinafikeko.