Theka la Bwato la Ababa

Fungo la bwato lakale lija sindinaliiwale: mtengo wovunda, mamba a usipa oumira m'ming'alu, ndi phula lomwe ankamatira pobooka. Linali pansi pa mkuyu kuseri kwa nyumba ya Che Saidi ku Nkope, msodzi amene anatipatsa kanyumba titathawa nkhondo kwathu ku Mozambique. Pamadzi linali litapuma kalekale. Mutu wake unatsamira pachitsa, choncho linakhala chopendekeka, kumutu kokwera, kumbuyo kotsika.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mwera unawomba mopanda chisoni. Ababa anali ndi chifuwa chimene anachitenga kumgodi ine ndisanabadwe. Kuchipatala anawauza kuti n'chosatha, n'chongonyengerera. Akagona chagada pamphasa mpweya unkawathawa, m'chifuwa mukutokota ngati mphika wa nyemba, ndiye ankangokhala tsonga mpaka kucha. Chifukwa cha mphepo tinkaphikira m'nyumba momwemo, utsi n'kumangozungulira kudenga. Maso awo anafiira, ndipo munthu wofatsa uja anayamba kukalipa ngakhale supuni ikagwa.

Tsiku lina masana, pothawa utsi, anayala masaka a ufa wachithandizo m'bwato muja n'kutsamira kumutu kokwerako. Nditawapititsira madzi ndinapeza agona, kukamwa kuli yasa. Ndinaima ndi chikho m'manja, kuopa ngakhale kumeza malovu. Kuyambira tsikulo ndinadzilemba ndekha ntchito yaulonda. Nkhuku, mbuzi ndi ana a eni mudzi ndinkawapirikitsa ndi bango, ndipo anzanga akamapita kukasambira ine ndinkatsala kuyang'ana chifuwa cha ababa chikukwera n'kutsika. Ndivomere, ndinali mlonda wamwano.

Koma nkhuni zinali zitasowa. Anthu tinachuluka, mitengo yapafupi inatha, ndipo Abiti Jafali, akazi a Che Saidi, ankawamba nsomba zogulitsa. M'mawa wina anabwera ndi mlongo wawo atanyamula nkhwangwa kuti awaze bwatolo. Ine ndinalumphiramo n'kugwiritsa m'mphepete.

"Tsika, mwana iwe," anatero Abiti.

"Sinditsika! Ndinu mfiti, mukufuna ababa afe!"

Mawu amenewo kwa munthu amene ankatigawira ndiwo! Amayi anasiya musi pamtondo, anandikoka khutu mpaka linatentha, kenako anagwada pamchenga kupepesa. Kutithamangitsa pakhomopo kunali kosavuta, ndipo kopita tinalibe. Abiti anangowakokera amayi pambali, nayankhulana motsitsa mawu kwa kanthawi.

Che Saidi atachokera kumzikiti anayang'ana bwato, nayang'ananso ababa, amene anali atazolika ndi manyazi. "Che Zuze, limeneli landidyetsa zaka zambiri," anatero. "Ngati tsopano likukugonetsani inu, alihamdulila, Mulungu atamandike." Analidula pakati. Theka lakumbuyo linapita kowambira nsomba, lakumutu analinyamulira pakhonde pathu, naliikira mwala pansi kuti litsamire bwino, n'kutchinga mphasa mbali yochokera mwera. Amayi anatulutsa mafuwa n'kuyamba kuphikira panja.

Nyengo yonseyo ababa anagona m'theka la bwatolo atafunda bulangete. Chifuwa sichinathe ayi, koma tulo tinkawapeza mpaka tambala wachiwiri. Nkhope yawo inabwerera mwakale. Anayamba kusoka maukonde a Che Saidi akung'ung'udza nyimbo zakwathu, ine nditatsamira mwendo wawo. Masiku amenewo ndimawalakalaka mpaka lero, ndi umphawi wake womwe.

Ndinkayenda modzitukumula, ndikuuza anzanga kuti bwato ndinalipulumutsa ndine, ndi pakamwa pangapa. Ndinkaona ndithu amayi akubwera dzuwa lili paliwombo, mtolo wa nkhuni zakuphiri uli pamutu, miyendo ili mbuu, n'kukautula kwa Abiti. Ndinkawaonanso akusinza chokhala posankha nyemba, ndipo ndinkawaseka. Ndinkangoti ndi mmene zimakhalira ntchito za amayi.

Zoona zake ndinazimva ndili ndi ana anga, makolo onse awiri atatisiya, nditapita ku Nkope kukaona Abiti ali nkhalamba. Anandiuza kuti tsiku lija iwo sanapemphe zambiri, koma amayi ndiwo analonjeza okha kuwatolera nkhuni mpaka mwera utatha, kuti ababa asatsitsidwe m'bwatomo ndiponso kuti mwano wanga uiwalike. Ankanyamuka kusanache, tonse tili m'tulo, ulendo wakuphiri.

Ndili mwana ndinkadziwa chilichonse cha tulo ta ababa, nthawi yomwe agona ndi chimene chawadzutsa. Amayi sindinawafunsepo ngakhale kamodzi kuti agona bwanji, ndipo lero ndikufunitsitsa kuwafunsa.